Mwana akufuna kudzapanga machip a DAC: kodi angadye nazo kuno kwathu?

Bambo wina wa ku Ngabu watilembera. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 4, masamu ndi fizikisi amakhoza bwino, ndipo wakakamira zoti adzaphunzire kupanga machip, tizipangizo ting'onoting'ono ta silikoni ta m'mafoni ndi m'makompyuta, makamaka kachipangizo kotchedwa DAC. Bambowa akufuna kudziwa kuti chinthucho n'chiyani, komanso ngati munthu angadye nacho kuno kwathu. Apo ayi, akuti angomuuza mwanayo kuti akachite unamwino.

Bambo, sitikubisirani. M'Malawi muno mulibe fakitale yopanga machip, ndipo musayembekezere kuti ibwera mwana wanuyo asanamalize sukulu. Ambiri amapangidwa ku Taiwan, South Korea, China ndi America. Komatu wojambula chip sakhala m'fakitalemo. Ntchito yake ndi ya pa kompyuta, ndipo akamaliza amatumiza chojambulacho kuti akachipange kwina. Ndiponso nzeru yomweyi ikufunika pa Nchalo pomwepa, monga muone m'munsimu.

Foni imasunga nyimbo ngati manambala, ma 0 ndi ma 1. Sipika sidziwa kuwerenga, imangofuna magetsi okwera ndi kutsika. DAC ndiyo imaima pakatipo: imalandira nambala n'kutulutsa volteji yolingana nayo. Pa CD, ntchitoyi imachitika ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Ganizirani ngalande yothirira nzimbe yokhala ndi mageti asanu ndi atatu, geti lililonse lotulutsa madzi owirikiza kawiri a linzake: 1, 2, 4, mpaka 128. Potsegula ena n'kutseka ena, mungathe kupeza mlingo uliwonse kuyambira 0 mpaka 255. Geti lililonse ndi biti imodzi, 0 likatsekedwa, 1 likatsegulidwa, ndiye imeneyo ndi DAC ya mabiti 8. Ikamayendera mavolti 5, sitepe imodzi ndi 5 kugawa 256, zomwe ndi 19.5 mV (volti imodzi ndi 1,000 mV). Ya mabiti 12 ili ndi masitepe 4,096, ndipo sitepe yake ndi 1.2 mV basi.

Tsopano tilankhule ndi iwe mwana, mwiniwake wa nkhaniyi. Chojambula cha DAC ungachiloweze pamtima tsiku limodzi, ndipo palibe amene angakulipire chifukwa cha zimenezo. Mainjiniya amalipidwa chifukwa chodziwa pamene chojambulacho chimanama. Njira yabwino yodziyesera ngati ntchitoyi ukuikondadi ndi kupanga DAC yakoyako ya mtundu wa R-2R, ya marezisita a milingo iwiri, R ndi kawiri kake, olumikizidwa ngati makwerero, n'kusaka pamene ikulakwa.

Zofunika ndi izi: Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kotumiza manambala), breadboard (kabolodi kolumikizirapo zipangizo), multimeter (mita yoyezera magetsi), chip ya 74HC595, op-amp (chip yolimbitsa volteji) ya MCP6002, kapasita ya 100 nF ndi marezisita a 10k (10,000 ohm) a metal film a 1%, ndiye kuti osaphonya kupitirira 1%. Makwerero a mabiti 8 amafuna marezisita 7 a R ndi 9 a 2R. Usagule a 20k payekha. 2R aliyense umupange polumikiza a 10k awiri motsatizana, ndiye kuti onse pamodzi akhala 25, a mtundu umodzi. Gula 100 a m'paketi imodzi, uyeze aliyense pa renji ya 20k, usankhe ofanana kwambiri. Ofananitsitsawo uwaike kumtunda, ku biti yaikulu, chifukwa ndiko kulakwa kumapweteka. Kumunsi, ku biti yaing'ono, ngakhale rezisita yophonya pang'ono siivuta.

Tichite masamu uone chifukwa chake. Nambala 127 ndi 01111111, pamene 128 ndi 10000000. Pochoka pa 127 kupita pa 128, mabiti asanu ndi awiri amazima, imodzi yokha n'kuyaka, ndipo imodziyo iyenera kuposa anzake onse pamodzi ndi 19.5 mV yokha. Zonse zikakhala bwino, 127 imatulutsa 2.480 V ndipo 128 imatulutsa 2.500 V. Tsopano tinene kuti rezisita ya biti yaikuluyo ndi 20.2k m'malo mwa 20k. Yaphonya ndi 1% yokha, zomwe wogulitsa sanakunamize nazo. Ukawerengera, 127 itulutsa 2.493 V, koma 128 itulutsa 2.488 V. Nambala yakwera, volteji yatsika! Mu nyimbo zimenezi zimamveka ngati kukhadzula kwa mawu otsika. Pa makina oyendetsa valavu n'zoopsa koposa, chifukwa makinawo akalamula kuti tsegula pang'ono valavu imatseka pang'ono, ndiye amangosakasaka malo osawapeza. Kuphonya kwa sitepe imodzi poyerekeza ndi mlingo wake amakutcha DNL, ndipo kupatuka kwa masitepe onse pa mzere wowongoka amakutcha INL. Zilembo zimenezi uzidzazipeza pa datasheet, chikalata cha wopanga chofotokoza chipangizo, ya DAC iliyonse.

Ambiri amagwa pa zinthu zing'onozing'ono. Wina amati marezisita a 1k ndi 2k ndi abwino chifukwa amapereka mphamvu yambiri, osadziwa kuti pini ya chip ili ndi kukana kwakekwake, pafupifupi 25 ohm pa Arduino Uno. Pa 20k imeneyo ndi 0.1% yokha, koma pa 2k ndi yoposa 1%, ndipo vuto la 127 lija labweranso. Wina amalumikiza sipika molunjika ku makwerero. Makwererowo amatulutsa volteji kudzera mu 10k, choncho chilichonse chokoka magetsi chimaigwetsa. Op-amp iyenera kukhala pakati ngati buffer, yopereka volteji yomweyo popanda kukoka magetsi ku makwerero. Op-amp ya LM358 ndi yosavuta kupeza, koma ikamayendera mavolti 5 imalekeza cha pa 3.5 V, ndiye manambala opitirira 180 onse amaoneka ofanana. N'chifukwa chake tatchula MCP6002, yomwe imafika pafupi ndi mavolti onse 5. Winanso amayatsa mapini imodziimodzi ndi lamulo la Arduino la digitalWrite. Pamenepo volteji imadumpha kaye kupita ku 0 kapena ku 5 isanakhazikike, zomwe amati glitch. 74HC595 imalandira mabiti onse kaye, kenako n'kuwatulutsa nthawi imodzi, ndipo kudumphako kumachepa kwambiri. Kapasita ya 100 nF ija ikhale pafupi kwenikweni ndi mapini ake a magetsi.

Poyeza palinso msampha. Multimeter yotchipa ya manambala 2,000 ikafika pa 2.5 V imafuna renji ya 20 V, pomwe imangoona 10 mV. Kuphonya kwa 5 mV kuja sungakuone. Tenga marezisita awiri a 10k otsala, upange 2.5 V yokhazikika, uike waya wakuda wa mita pamenepo, wofiira pa DAC, usankhe renji ya 200 mV. Ukatero uziona mpaka 0.1 mV pa manambala a pakatiwo. Yeza 63 ndi 64, 127 ndi 128, 191 ndi 192. Awiri a pakatiwo ndi njira imeneyi, enawo posintha marezisita ogawa voltejiwo. Lemba zonse m'kope, pamodzi ndi nthawi ndi mmene kunja kunatenthera.

Kutenthaku n'kofunika, ndipo iwe wa ku Chigwa uli ndi labu yaulere. Mu Okutobala ndi Novembala, Ngabu ndi Nsanje zimapyola madigiri 40. Rezisita ya 100 ppm pa digiri, kutentha kukakwera ndi madigiri 20 kuchokera m'mawa kufika masana, imasintha ndi 0.2%. Onse akasintha mofanana palibe vuto, chifukwa makwerero amadalira kufanana kwawo, osati kukula kwawo. Koma ukasakaniza mitundu, kapena ina ikakhala pafupi ndi regulator (chip yokhazikitsa volteji) yotentha, 0.2% imeneyo pa rezisita ya biti yaikulu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sitepe pa mabiti 8, ndipo pa mabiti 12 ndi masitepe 4. Volteji yoyendera nayo siikhululuka. USB imaloledwa kukhala pakati pa 4.75 ndi 5.25 V, ndipo tchaja ya pamsika imabweretsanso phokoso. DAC yeniyeni imafuna reference yakeyake, gwero la volteji yosasinthasintha, monga LM4040 ya 4.096 V, yomwe pa mabiti 12 imapereka 1 mV ndendende pa sitepe.

M'kati mwa chip nkhondo ndi yomweyi, kungoti sungasankhe marezisita ndi manja. Rezisita yojambulidwa kuti ikhale 10k ikhoza kutuluka m'fakitale itaphonya ndi 15 kapena 20%, koma ziwiri zoyandikana zikhoza kufanana mpaka 0.1% ngati zajambulidwa mwanzeru. Nzeruzo ndi izi: zonse zipangidwe kuchokera ku kachidutswa kamodzi kobwerezedwa, monga tachitira ndi 10k, zonse ziyang'ane mbali imodzi, zilukidwe mosinthanasinthana kuzungulira pakati pamodzi, zomwe amati common centroid, kuti kutentha kapena kukhuthala kukasiyana uku ndi uko zonse zikhudzidwe mofanana, ndipo m'mphepete muikidwe tizidutswa tosagwira ntchito kuti ta kumapeto tisasiyane ndi ta pakati. Lamulo lomwe Marcel Pelgrom ndi anzake anafalitsa mu 1989 limati kuti kusiyana kuchepe ndi theka, malo ayenera kukula kanayi. Malo pa silikoni ndi ndalama, ndiye apa ndi pomwe injiniya amatsutsana ndi abwana ake.

R-2R si njira yokhayo. Mkanda wa marezisita ofanana sungabwerere m'mbuyo ngati zija za 127, koma mabiti 8 amafuna marezisita 256, mabiti 12 amafuna 4,096. Ma DAC othamanga a mu zolumikizira mafoni amagwiritsa ntchito matransista otulutsa karenti, ndipo mabiti akuluakulu amawaduladula kukhala tizigawo tofanana toyaka kamodzikamodzi. Ambiri a nyimbo ndi a delta-sigma: masitepe ochepa, liwiro lalikulu, kenako fyuluta.

Zojambula machip sizifunanso ndalama zankhaninkhani kuti uyambe. LTspice ndi ngspice, mapulogalamu oyesera zojambula zamagetsi pa kompyuta, ndi aulere. Jambula makwerero ako mmenemo, usinthe rezisita imodzi ndi 1%, uone ngati zikugwirizana ndi za m'kope mwako. Kuyambira 2020 malamulo ojambulira a fakitale ya machip ya SkyWater, otchedwa SKY130, ali poyera pa intaneti, ndipo ndi mapulogalamu a xschem, Magic ndi KLayout pa Linux ungajambule DAC yeniyeni ya pa silikoni. Pulojekiti ya Tiny Tapeout imalola ophunzira ambiri kugawana chip imodzi kuti mtengo utsike. Koma zimenezo n'za chaka chachitatu kapena chachinayi ku yunivesite, osati za chaka chino.

Tibwerere kwa inu, bambo. Njira yake ndi MSCE yokhala ndi makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma ku uinjiniya mpikisano ndi waukulu, choncho masamu ndi fizikisi zikhale zapamwamba. Ngati pasukulu pawo pali Additional Mathematics, asaithawe. Pofunsira malo kudzera ku NCHE, asankhe maphunziro a zamagetsi ndi electronics ku MUBAS ku Blantyre, yomwe kale inali Polytechnic. Digiri ya uinjiniya kumeneko ndi zaka 5, ndipo ngongole ya fizi amafunsira ku HESLGB. Kujambula machip kwenikweni nthawi zambiri kumafuna digiri yachiwiri kunja. University of Pretoria ku South Africa ili ndi gawo la zimenezi. Akapanda kusankhidwa, koleji ya ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, ya Electrical Installation and Electronics, si manyazi, ndipo ena amakwera kuchokera kumeneko.

Ngakhale asadzapite kunja, fakitale ya shuga ngati ya Illovo ku Nchalo, malo opangira magetsi ngati Kapichira, mapampu a ulimi wothirira, makampani a mafoni ndi makina a m'zipatala, zonsezi zimadalira ma DAC ndi anzake a ADC, omwe amasandutsa volteji kukhala nambala. M'mafakitale, kompyuta yoyendetsa makina, PLC, imalamula valavu kudzera mu karenti ya 4 mpaka 20 mA: 4 ndi kutseka, 12 ndi theka, 20 ndi kutsegula konse, ndipo 0 ikutanthauza kuti waya waduka. Karentiyo imachokera mu DAC. Munthu wodziwa kusiyanitsa vuto la DAC, la reference, la waya ndi la valavu amatchedwa wa instrumentation, ndipo makina akaima pakati pa nyengo yogaya nzimbe amasakidwa usiku ndi usiku.

Zipangizo tatchulazi mugule akalemba mayeso, osati tsopano. Miyezi ya pakati pa MSCE ndi kusankhidwa ndi yokwanira. Yambani mwafunsa m'masitolo a zamagetsi ku Blantyre ndi Limbe, ndipo zosowa muitanitse pa intaneti. Laputopu yakale ya 8 GB ikwanira LTspice. Pogula marezisita muonetsetse kuti ndi a mizere isanu, womaliza wabulauni. Wagolide ndi wa 5%, ndipo ameneyo sakwanira ntchitoyi.