Yankho kwa mayi amene atopa ndi ma Chromebook a kuntchito kwawo

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo sabata ino. Amagwira ntchito m'bungwe laling'ono, ndipo popeza ndi iwo amene amadziwako za makompyuta, aliyense zikamuvuta amathamangira kwa iwo, ngakhale kuti ntchito imene analembedwera ndi ina. Chaka chatha abwana awo anachotsa makompyuta akale n'kugula ma Chromebook. Pa zonse zimene alemba, funso lenileni ndi ili:

"Anatiuza kuti makinawa ndi osavuta, sagwidwa vayirasi ndiponso safuna kukonzakonza. Nanga n'chifukwa chiyani ndikuitanidwa kuposa kale? Uyu pulinta yamukana, uyo mafayilo ake asowa, wina akufuna Word. Chondipweteka kwambiri n'chakuti nthawi zambiri ndimafika n'kupeza kuti palibe choti ndikonze. Kodi vuto ndi ine, anthuwa, kapena makinawa?"

Zikomo mayi pondilembera. Vuto si inu ayi, ndipo kutopa kwanuko n'komveka. Amene anakuuzani kuti makinawa ndi osavuta sananame, koma anangokuuzani mbali imodzi ya nkhani.

Ma Chromebook oyamba anayamba kugulitsidwa mu 2011, opangidwa ndi Samsung ndi Acer, ndipo amayendera ChromeOS ya Google, pulogalamu yoyendetsa makinawa m'malo mwa Windows. Maganizo a amene anawakonza anali akuti munthu azichitira zonse mu browser ya Chrome, zinthu zake zizikhala pa intaneti, laputopuyo ikhale khomo chabe lolowera. N'chifukwa chake ambiri otsika mtengo amabwera ndi RAM (malo amene kompyuta imagwirirapo ntchito ikayaka) ya 4 GB ndi malo osungira zinthu a 32 GB kapena 64 GB basi. Nthawi iliyonse mukaiyatsa, imadzifufuza yokha ngati wina wasintha kanthu m'kati mwa ChromeOS, ndipo ma update imadziikira yokha. Zimenezi n'zabwino ndithu. Koma zitseko zomwe anatseka kuti vayirasi isalowe ndi zomwenso inu munkalowera pokonza zinthu. Zili ngati kukhala m'nyumba yalendi: denga likadontha ndi ntchito ya eni nyumba, koma nanunso simungaboole khoma kuti muike windo pamene mukufuna. Pa Windows munkaika driver (kapulogalamu kothandiza kompyuta kugwira ntchito ndi chipangizo ngati pulinta), kusintha apa ndi apo, zinthu n'kuyenda. Apa mumafika, kuyang'ana, n'kusowa mtengo wogwira.

Ndiye chimene ndikufuna mugwire n'chakuti pa Chromebook, chimene chimavuta kawirikawiri si laputopuyo. Ndi akaunti ya Google ya munthuyo, malo amene akusungira mafayilo ake, kapena chisankho chimene chinalakwika tsiku logula. Mukayamba kufufuzira kumeneko, ntchito imapepukako.

Tiyambe ndi mafayilo, chifukwa apa ndi pamene anthu amalira misozi yeniyeni. Mukatsegula pulogalamu ya Files, kumanzere mumaona Downloads ndi Google Drive zitandandalikana ngati n'zofanana. Sizofanana. Za mu Drive zili pa intaneti, za mu Downloads zili mu laputopu momwemo. Munthu wamba sangaone kusiyanako, ndipo palibe chimamuchenjeza. Amangosunga pamene makina amupatsa.

Zimachitika chonchi. Munthu akubweretserani laputopu akuti yayamba kuchedwa. Njira imene aliyense amaidziwa ndi Powerwash: pa sikirini yolowera mudina Ctrl, Alt, Shift ndi R, makinawo afufuta zonse n'kubwerera momwe analili potuluka m'katoni. Pakangopita mphindi zochepa mwini wake alowetsa imelo ndi pasiwedi, ma bookmark ake abwerera, chithunzi chake cha pasikirini chabwerera, nkhope yawala. Kenaka atsegula Downloads kuti apitirize lipoti limene wakhala akulemba mwezi wathunthu, n'kupeza mbee. Amatseka, kutsegulanso, kukuyang'anani. Palibe kobwezera, chifukwa Powerwash imafufuta chilichonse cha mu laputopumo. Chonde, musamadine mabatani amenewo musanatsegule Downloads ndi maso anu, ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe kanthu. Dziwaninso kuti malo akatsala pang'ono kudzaza, ChromeOS ikhoza kufufuta yokha zina za mu foda imeneyi.

Mankhwala ake ndi osavuta: lowani mu Settings ya Chrome, pa Downloads, musinthe kuti zonse zodawuniloda zizipita mu foda ya mu Drive. Chitani zimenezi pa laputopu iliyonse, musadikire kuti wina ataye zake kaye. Kumbukirani chabe kuti akaunti yaulere ya Google imapereka 15 GB, ndipo malowa amagawana Drive, Gmail ndi Google Photos. Munthu akadzaza ndi mavidiyo, maimelo amasiya kulowa, iye n'kumati laputopu yawonongeka.

Pasiwedi nayo ili ndi msampha wake. Zinthu za munthu mu Chromebook zimakhomedwa ndi pasiwedi yake ya Google. Akaisintha ali pa foni, laputopuyo imafunsa pasiwedi yakale kuti itsegule zimene inasunga. Komatu ambiri amasintha pasiwedi chifukwa choti yakaleyo aiwala. Apanso za mu Downloads zikhoza kupita, pamene za mu Drive zili bwinobwino. Onetsetsani kuti akaunti ya aliyense ili ndi nambala ya foni kapena imelo ina yothandizira kuitsegula akaiwala.

Tsopano za Word. Fayilo yothera ndi .exe, yoikira mapulogalamu a Windows ngati Word, siigwira pa ChromeOS, ngakhale munthu ataidina kakhumi. Word ndi Excel zilipo za pa intaneti, ndipo Google Docs ndi Sheets zimatsegula mafayilo a Office. Kale anthu ankaika Office ya Android, koma mu September 2021 Microsoft inasiya kuthandiza mapulogalamu amenewo pa Chromebook n'kuuza anthu kuti azigwiritsa ntchito ya pa intaneti. Kwa munthu wolemba makalata ndi malipoti wamba, zimenezi n'zokwanira. Koma fomu yokhala ndi matebulo ambiri nthawi zina imatuluka mizere itasokonekera, ndipo ma macro a Excel (timalamulo tochita ntchito tokha m'fayilomo) sayenda pa Excel ya mu browser. Wowerengera ndalama amene ntchito yake yonse yagona pa fayilo yotere sakuchita mwano akamadandaula. Makina amene apatsidwa sakugwirizana ndi ntchito yawo.

Pa mfundo imeneyi maganizo anga ndi olimba. Munthu amene ntchito yake imadalira pulogalamu ya Windows apatsidwe kompyuta ya Windows, nkhani ithere pomwepo. Ena adzakuuzani kuti Chromebook imatha kuyendetsa mapulogalamu a Android kuyambira 2016, ndi a Linux kuyambira 2018, choncho njira iliko. Inde iliko, koma ndi ya munthu wokonda kuseweretsa makompyuta. Mukaitsegulira munthu wamba, mwadzipatsa zinthu zitatu zosamalira, ChromeOS, Android ndi Linux, m'laputopu imodzi yokhala ndi RAM ya 4 GB, ndipo mapulogalamu ena a Android, popeza anakonzedwera foni, amaoneka mopanikizika pa sikirini yaikulu. Musavomere kusenza katundu ameneyo.

Pulinta ndiyo yatopetsa anthu ambiri. Kwa zaka zingapo njira yopulintira inali Google Cloud Print, ndipo Google inaitseka kumapeto kwa 2020. Malangizo ambiri amene mungawapeze pa intaneti amanenabe za iyo, choncho muziyang'ana chaka chimene analembedwa musanataye nthawi. Masiku ano Chromebook imalankhula yokha ndi pulinta, ndipo mapulinta atsopano olumikizidwa pa netiweki nthawi zambiri amangooneka okha. Ovuta ndi akale aja amene ankafuna driver ya pa CD, chifukwa CD imeneyo ilibe ntchito kuno. Musanaweruze kuti yakana, onani ngati laputopu ndi pulinta zili pa Wi-Fi imodzi. Maofesi ambiri ali ndi netiweki ya alendo ndi ya antchito, ndipo laputopu ikalowa ya alendo, pulinta siioneka. Ikapanda kuonekabe, ilembeni nokha pogwiritsa ntchito IP address yake (nambala yake ya pa netiweki) mu Settings. Zikakanika zonsezi, kugula pulinta imodzi yodziwika kuti imagwirizana ndi ChromeOS n'kwanzeru kuposa kumalimbana ndi yakaleyo sabata ndi sabata.

Pali tizinthu tina tating'ono timene timadya nthawi yanu mopanda chifukwa. Kiyibodi ya Chromebook ilibe Caps Lock pamalo pamene anthu anazolowera. Pa ma Chromebook ambiri pamenepo pali batani la Search, ndipo zilembo zazikulu zimayatsidwa ndi Alt pamodzi ndi Search. Batani la Delete palibe, m'malo mwake ndi Alt ndi Backspace. Right click ndi kugogoda ndi zala ziwiri. Munthu akakuitanani ali ndi mantha kuti sikirini yagona cham'mbali, wadina mwangozi Ctrl, Shift ndi Refresh (batani la kamuvi kozungulira), ndipo kudinanso mabatani omwewo kumaitembenuza mpaka itawongoka. Laputopu ikayamba kulankhula yokha, wayatsa ChromeVox, pulogalamu yothandiza anthu osaona, ndipo Ctrl, Alt ndi Z imaizimitsa. Lembani zimenezi pa pepala limodzi, aliyense amate pafupi ndi pamene amakhala. Anthu amachita manyazi kufunsa funso lomwelo kachitatu, ndiye amangovutika chamumtima.

Nanga vayirasi ija anati kulibe? Tsiku lina wina adzabwera akunjenjemera, pakona pa sikirini pakutuluka uthenga wofiira woti kompyuta yagwidwa vayirasi, aimbe nambala inayake msanga. Imeneyo si vayirasi. Tsiku lina anatsegula webusayiti imene inapempha kuti izimutumizira mauthenga, iye n'kudina Allow kuti kabokosiko kachoke. Lowani mu Settings ya Chrome, pa Notifications, muchotse webusayitiyo. Kenaka lembani chrome://extensions pamwamba paja, muone zimene anaika. Ma extension, timapulogalamu towonjezera pa Chrome, akakhala oipa amasintha tsamba loyambira ndi kudzaza zotsatsa malonda. Chovuta n'chakuti amatsatira akaunti. Mukachita Powerwash, munthu n'kulowanso, extension ija imabwerera limodzi ndi ma bookmark ake. Ambiri othandiza anzawo amathedwa nzeru pamenepa, chifukwa afufuta makina onse koma vuto lili pompo. Muuzeninso mwini wake mosabisa kuti Chromebook siingamuteteze akapereka yekha pasiwedi kapena nambala ya khadi la kubanki kwa akuba.

Chida chimene ndimachidalira kwambiri ndi Guest. Tulukani mu akaunti ya munthuyo, mudine Browse as Guest, muyese chimene chikuvutacho. Chikayenda bwino, laputopu ilibe mlandu, pitani mukafufuze mu akaunti. Chikavutabe, ndiye mwina ndi netiweki kapena makinawo, ndipo mungayese kugwira Refresh n'kudina batani loyatsira kuti adzukenso bwino. Ikamachedwa, Search ndi Esc zimakuonetsani tab imene ikudya RAM. Kawirikawiri mudzapeza ma tab ambirimbiri otsegula, ena a sabata yatha. Ngati munthuyo ali kutali, Chrome Remote Desktop imamulola kukupatsani nambala kuti muone sikirini yake muli pamene muli, bola intaneti ikhale ikugwira mbali zonse. Ndipo poti tatchula intaneti, Google Docs imatha kugwira popanda netiweki, koma pokhapokha mutayatsiratu zimenezo mu Drive netiweki ikadalipo. Yatsirani onse lero.

Pali nkhani ina imene ogulitsa sakonda kuitchula. Chromebook iliyonse ili ndi tsiku limene idzasiye kulandira ma update. Mu 2023 Google inalengeza kuti ma Chromebook otuluka kuyambira 2021 azilandira ma update kwa zaka 10, koma zakazo zimawerengedwa kuyambira pamene mtunduwo unatuluka, osati tsiku limene inu munagula. Laputopu yatsopano m'katoni ikhoza kukhala itadya kale zaka zingapo. Tsikuli mungalione mu Settings, pa About ChromeOS. Likadutsa, makinawo amayakabe, koma browser imatsalira m'mbuyo, ndipo m'kupita kwa nthawi mawebusayiti ena amayamba kuikana. Ogula zakale asamale kwambiri: Chromebook imene inalembetsedwa pa sukulu kapena kampani ina imakhalabe m'manja mwa eni akewo ngakhale mutachita Powerwash, mpaka iwo ataimasula.

Simunanene ngati bungwe lanu linalipira laisensi yoti muziyang'anira makinawa kudzera mu Google Admin console. Mmene mwafotokozera, ndikuona ngati ayi. Popanda laisensi imeneyi, amene anayamba kulowa mu laputopu ndiye amakhala mwini wake, ndipo inu muyenera kuyenda tebulo ndi tebulo kusintha chinthu chimodzi chomwecho. Mukakhala nayo, mumaika Wi-Fi, pulinta, malo osungira mafayilo ndi ma extension ololedwa kamodzi kokha, n'kufika pa makina onse. Mabungwe ambiri amagula ma Chromebook chifukwa chotsika mtengo, n'kudumpha mbali imeneyi, ndipo zimene anapulumutsazo zimalipidwa ndi nthawi ya munthu ngati inu. Chimenechi si chilungamo m'pang'ono pomwe, makamaka pamene ntchitoyi mukuigwira mongothandiza.

Za anzanuwo, musawatenge ngati ogona. Akhala zaka zambiri akuphunzira kuti fayilo imakhala mu kompyuta, pulogalamu imaikidwa, pulinta imabwera ndi CD. Tsiku limodzi anapatsidwa chinthu chooneka ngati laputopu imene amaidziwa, wina aliyense osawauza kuti malamulo asintha. Ola limodzi lokhala nawo pansi, aliyense laputopu ili patsogolo, mukuwaonetsa kusiyana kwa Downloads ndi Drive, lidzakuchotserani maulendo ambiri.

Kwa mwezi umodzi, lembani pa pepala nthawi iliyonse imene mwaitanidwa: ndani, vuto lanji, zinatenga nthawi yaitali bwanji. Pitani nalo pepalalo kwa abwana, mupemphe laisensi ija, pulinta imodzi yogwirizana ndi makinawa, ndi kompyuta ya Windows kwa amene ntchito yawo ikufunadi. Mukadzandilemberanso, munditumizire dzina ndi nambala ya mtundu wa pulinta yanu komanso ya ma Chromebook amene muli nawo, tidzaone limodzi ngati pulintayo ili ndi njira ndiponso tsiku limene ma update awo adzathe.