Sutikesi ya pansi pa bedi ija mudzaitsegula liti?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yathayi, akuti amakhala nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi ana atatu, katundu wadzaza mpaka kusowa poponda, koma akati atayeko kanthu bambo akunyumba amati "siyani, chidzagwira ntchito tsiku lina". Ndiye akufunsa kuti ayambire pati.

Asisi, imelo yanuyi ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikuseka ndekha ngati wamisala, chifukwa bambo mukuwadandaulawo khalidwe lawo ndi langa lenileni. Ine ndinakulira m'nyumba yomwe chinthu sichinkatayidwa. Mayi anga botolo la Kukoma likatha ankalitsuka, la Sobo chimodzimodzi, majumbo ankawapinda bwinobwino n'kuwalonga m'jumbo lina lalikulu kuseri kwa chitseko, ndiye pabalaza panali kabati ija ya magalasi yodzaza mbale ndi makapu a alendo pamene ife tiyi tinkamwera m'makapu apulasitiki otafunidwa m'mphepete. Alendo ake oyenera makapu amenewo sindinawaonepo, ngakhale abusa atabwera ankawatulutsira ena.

Sikuti ndikuwanyoza mayi anga ayi. Munthu amene anaona njala ya 2002, amene anagonapo pamzere kudikira chimanga, dzanja lake limalemera kutaya chinthu, ndipo zina zimathandizadi, madzi akasiya pampopi masiku atatu ndi pomwe umadziwa kuti chigubu ndi m'bale wako. Koma zigubu zisanu zabwino, osati khumi zomwe zinayi ndi zobooka.

Chomwe chinanditembenuza ine ndi Marichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe. Kutchalitchi analengeza kuti tibweretse zovala ndi mabulangete, ine mumtima ndinati eya, lero sutikesi yanga ija yapeza ntchito. Kuikoka pansi pa bedi, kutsegula, abale inu fungo lake! Zitenje za maukwati, za kumpingo, mpaka za misonkhano ya ndale zomwe sindinavalepo n'kamodzi komwe, zonse zachita nguwi, mphemvu zaswerana momwemo, bulangete lomwe ndinkati ndi la alendo khoswe analiboola pakati penipeni. Tsiku lina lija linafikadi, koma katundu anali atafa kalekale. Ndinakapereka kajumbo kamodzi, nkhope ili pansi.

Kuyambira pamenepo ine sindinyengerera, kusunga chinthu mpaka chiole kumeneko si kusamala, ndi umbombo basi, tingoutchula dzina lake. Mwana wa mlongo wako kumudzi akupita kusukulu ndi malaya ong'ambika iwe uli ndi malaya asanu ndi awiri akudyedwa ndi njenjete, ukuti ukusunga. Ukusungira ndani?

Ndipo tisamangonena abambo okha, ifenso azimayi kaunjika watipweteka. Ukangomva kuti atsegula belo ku Limbe mwendo uli m'khosi, kugula diresi poti ndi yotchipa, kufika kunyumba siikukwana, ukuti ndidzaonda. Sudzaonda mwana wa mayi. Nanga za zitenje, mwambo uliwonse chitenje chakechake, ukwati chitenje, chinkhoswe chitenje, bridal shower chitenje, munthu mmodzi ungazimalize?

China chomwe simunachitchule koma ndikudziwa chilipo ndi katundu wa achibale. "Mungondisungirako mwezi umodzi." Kwathu kuno matiresi a alamu anga anakhala zaka zitatu ataimikidwa kukhoma, eni ake ali ku Johannesburg, ana anga akugona mopanikizana, ndipo tsiku lomwe ndinawaimbira foni anayankha kuti aa, matiresi aja akadalipo?

Tsono poyambira

Musayambe ndi zinthu za bambowo, muyambanitsa nkhondo. Yambani ndi zanu, kona imodzi Loweruka limodzi, chovala chomwe chadutsa dzinja ndi chilimwe osachivala chipite kumudzi kapena kumpingo chikadali chamoyo. Za bambozo, mapoto obooka, mbaula yakutha, mafelemu a njinga, kagulitseni kwa anyamata ogula zitsulo pasikelo aja, ndalamayo muwapatse m'manja, muona okha ayamba kusakasaka zina. Khomani misomali ndi kashelefu kuti zinthu zichoke pansi, matumba a chimanga akhale pamatabwa. Achibale apatseni tsiku lodzatenga zawo.

Makapu a mayi aja anabwera kwa ine iwo atamwalira. Anali khumi ndi awiri, pano atsala asanu ndi anayi, ana aswa atatu. Ndikulemba zino ndikumwera tiyi m'kamodzi ka maluwa ofiira, ndipo kunena zoona ndi kakang'ono kwambiri, tiyi wake sakwana.