Handulo ya njinga yopinda ikamagwedera, osathamangira kumanga mabawuti onse

Mbale wathu wina amene amagwira ntchito yoperekera zakudya ku Manchester wandilembera imelo. Akuti njinga yake yamagetsi, ija yopinda ya matayala a mainchesi 20, handulo yake yayamba kugwedera, ndipo akamayenda molunjika handuloyo imaloza pang'ono kumanzere. Wamanga bawuti iliyonse imene akuiona, koma palibe chasintha. Akufunsa ngati ndi zoti apite nazo kwa makaniko.

Achimwene, mwina simufunika makaniko. Koma siyani kaye kumangako. Panjinga yopinda, kuchokera pa handulo kutsika mpaka pa foloko pali malo olumikizira anayi kapena asanu, ndipo aliwonse amakhwefuka mwa njira yake. Mukangomanga chisawawa mumatha mazinga a bawuti yosalakwa, yolakwayo ili phee.

Zimitsani njinga, ngati batire ndi yochotseka ichotseni. Njinga zina zili ndi throttle, yoyendetsera mota ndi dzanja popanda kupalasa, ndipo dzanja likaikhudza mwangozi njinga imalumpha muli pakati pokonza. Kenako gwirani buleki yakutsogolo, muzikankhira njingayo kutsogolo ndi kumbuyo. Dzanja linalo muziliyika pa malo olumikizira amodziamodzi: pamene handulo yapanidwa, pa kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira, pa hinji yopindira, ndi pansi penipeni pamene foloko imalowa mu felemu. Chala chimamva kugogoda kumene diso silingaone.

Ngati kugogoda kuli pansi, pa mabeyaringi, vuto limeneli ndi lopendekeka lija zimakonzedwa limodzi. Panjinga zambiri zopinda, mukapinda chitsulo chonyamula handulo mumaona bawuti imodzi pakati, yoyang'ana kumwamba, ndipo m'mbali muli ina imodzi kapena iwiri yopanira foloko. Yambani kumasula yam'mbali. Mukatero mangani yapakatiyo pang'onopang'ono mpaka kugogoda kuthe. Ntchito yake ndi kukanikiza mabeyaringi basi, si kugwira handulo. Mukaimanga kwambiri chiwongolero chimauma. Nyamulani tayala lakutsogolo muone: handulo izitembenuka yokha mosavuta. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, amamanga yapakati yam'mbali isanamasulidwe, ndiye palibe chimasuntha.

Tsopano dzutsani chitsulo chija, chikhomeni, imani kutsogolo kwa njinga mutapana tayala ndi mawondo, muwongole handulo. Ine ndimatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana kuchokera pamwamba, kuti handulo ifanane ndi ekiselo ya tayala. Ikalunjika, mangani mabawuti am'mbali mosinthanasinthana. Njinga zina m'malo mwa zonsezi zili ndi bawuti imodzi yaitali yokoka kamphanda mkati mwa foloko. Imeneyo muimasule pang'ono, muigogode pamutu kuti kamphandako kasiye, muwongole, mumange.

Handulo ikamazungulira yokha m'chopanira chake, nkhani ndi yaifupi. Pukutani fumbi ndi girisi pamalopo, ikani handulo pakati, mangani mabawuti a chopaniracho modumphanitsa kuti mpata wapamwamba ndi wapansi ufanane. Nthawi zambiri ndi alenki ya 4 kapena 5 mm, ndipo mphamvu yomangira imalembedwa pachitsulo pomwepo, kawirikawiri 5 kapena 6 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). Si mphamvu yambiri ayi. Aluminiyamu safuna zamatama.

Kumene ndikufuna musamale kwenikweni ndi pa hinji. Chokhomera chake chili ndi kabawuti kapena nati yosinthira kulimba. Chokhomera chabwino chimayamba kulimba chikafika pakati, ndipo pomaliza mumachikankha ndi chikhatho mpaka chisiye chidindo pakhungu. Ngati chikutsekeka ndi chala chimodzi, chakhwefuka. Tembenuzani natiyo pang'ono, yesani, onjezani pang'ono, yesaninso. Kachitsulo kapena kapulasitiki koteteza kuti chokhomera chisatseguke kazilowa bwinobwino nthawi zonse. Natiyo ikamabwerera yokha pakapita masiku, dontho la Loctite wabuluu (guluu woletsa bawuti kumasuka) pa mazinga limathandiza.

Koma mukamanga chokhomera n'kupeza kuti kugwedera kukadalipo, ndiye kuti pini ya hinji kapena bowo lake zadyeka. Pamenepo, kapena mukaona mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi pafupi ndi powotcherera, njingayo isakwerekenso mpaka mutagula chitsulo chatsopano. Osapita nacho kowotcherera. Malamulo aku Britain amalola mota kukuthandizani mpaka 25 km pa ola, ndipo ndi chikwama cha zakudya kumsana, hinji ikatseguka pa liwiro limenelo mulibe chogwira.

Chokwezera handulo chili ndi mzere wosonyeza malire, usaonekere panja. Muonenso mawaya a buleki ndi a sikirini. Handulo ikazungulira kamodzi popinda, mawaya amakulunga pachitsulo n'kumakokera chiwongolero mbali imodzi, munthu n'kumaganiza kuti handulo yapendekeka. Poti inu mumapinda njinga tsiku ndi tsiku, yambani mwaona zimenezi musanakhudze alenki. Zonse zikakanika, foloko iyenera kuti inapindika pa bampu kapena pa dzenje, ndipo apo ndiye mupite kwa makaniko.