Malamulo a banki mkhonde masamba 9 opanda mutu, tiwadule bwanji?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Chinamwali, mlembi wa gulu la banki mkhonde. Akuti analemba malamulo a gulu masamba 9, koma pa msonkhano ikabuka nkhani ya chindapusa amangotembenuza mapepala osapeza pomwe analemba, mpaka amayi anzawo ayamba kunong'ona kuti alembi akupeka malamulo m'mutu. Ndiye akufunsa kuti agawe bwanji, komanso timagawo tikhale tingati.

Achemwali, zoti tingati zisiyeni kaye, yambani ndi zomwe mumakangana. Tengani kope mulembe nkhani zonse zomwe zimakweza mawu pa msonkhano: wochedwa alipire zingati, ngongole ifike pati poyerekeza ndi masheya a munthu, chiwongoladzanja, wina akamwalira ali ndi ngongole titani, tsiku logawana. Nkhani iliyonse ndi kagawo kake basi, ndipo mutu wake ukhale mawu omwewo amene amayi amayankhula. "Wolephera kubweza ngongole" ndi mutu wabwino, munthu akangoona wadziwa. "Zina ndi zina" ayi ndithu, m'menemo ndi momwe mumabisala ndewu. Mukatero timagawo tachibale musonkhanitse pansi pa mutu umodzi waukulu, za umembala pamodzi, za ngongole pamodzi, ngati mu msika wathu wa Zomba muja, wofuna matemba a ku Chilwa sataya nthawi kwa a kaunjika.

Kenako manambala, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Baibulo lomwe timatsegula Lamulungu lililonse poyamba linalibe machaputala olo mavesi. Machaputala anawagawa ndi Stephen Langton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, bambo amene anadzakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. N'chifukwa chake abusa akangoti Yohane 3:16 tchalitchi chonse chafika pamodzimodzi, wa Baibulo lalikulu, wa lapafoni, onse. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 nawonso ndi choncho, Mutu 4 ndi wa ufulu wachibadwidwe, gawo 25 maphunziro, gawo 26 chiyankhulo ndi chikhalidwe. Inunso muzingoti "amayi, onani 3.2", nkhani yatha.

Koma osapitiriza muyezo eti. Ndimaona malipoti a ana a pa Chanco ali ndi 2.3.1.4 pansi pake chiganizo chimodzi chokha, zotopetsa. Kwa inu magulu awiri a manambala akwana, 3 kenako 3.1, 3.2. Ngati pansi pa 4 pali 4.1 yekha wopanda mnzake, ndiye kuti sipanafunike kugawa. Ndipo gulu likadzawonjezera lamulo, liikeni kumapeto kwa mutu wake, musasinthe manambala akale chifukwa maminitsi a chaka chatha amatchula omwewo.

Pa kompyuta musamangodetsa mitu ndi bold. Mu Word, mutu waukulu upatseni Heading 1, kagawo Heading 2, kenako pitani pa References musankhe Table of Contents, mndandanda wa mitu ndi masamba ake ubwera wokha. Musanapite kokapulinta apatseni asungichuma foni kapena pepala, muwauze apeze za chindapusa cha wochedwa. Akayamba kufunsa kuti "zili pati?", mutu umenewo ulembeninso.