Bitcoin kubungwe lodzala mitengo: ine ndikanachita chonchi

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mnzanu wa ku Manchester akufuna kuthandiza bungwe lanu lodzala mitengo m'mbali mwa phiri la Soche, koma akuti ndalamayo aitumiza mu Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, ndiye mukukayika ngati kulandira sikutsutsana ndi ntchito yanu yosamala chilengedwe. Ena muno ayankha kale kuti ndalama ndi ndalama, landirani basi. Maganizo anga ndi ena. Thandizolo musalikane, koma Bitcoin yeniyeniyo isalowe m'manja mwa bungwe, ndipo adiresi yake, nambala yolandirira Bitcoinyo, musaiike pa tsamba lanu la Facebook kapena pa chikwangwani chanu.

Nkhawa ya chilengedwe pa Bitcoin ili pa magetsi ambiri amene imadya. Ambiri amaganiza kuti chimene chimadya magetsi ndi kutumizako, koma si pamenepo. Bitcoin, yomwe inayamba mu 2009, ilibe banki yosunga kaundula wa amene ali ndi zingati. Kaundulayo amasungidwa ndi makompyuta omwazikana dziko lonse lapansi, ndipo pafupifupi mphindi 10 zilizonse amawonjezerapo tsamba latsopano. Wolemba tsambalo amapezeka mwa mpikisano, umene amautcha kukumba Bitcoin. Makina opangidwira ntchito yomweyi amangoyesa manambala mosapuma mpaka amodzi atagwera pa nambala yoyenera, ndipo mwini wake amalandira Bitcoin zatsopano, zomwe kuyambira mu Epulo 2024 ndi 3.125 pa tsamba lililonse. Onse amene ayesa n'kulephera magetsi awo apita, ndipo nthawi yomweyo amayambiranso. Makinawa amatentha kwambiri, moti pamafunikanso magetsi ena owaziziritsa. Akatha mphamvu pa mpikisanowo, patangopita zaka zochepa, alibenso ntchito ina imene angagwire, amangosanduka zinyalala.

Akatswiri a ku University of Cambridge, amene akhala akutsata nkhaniyi kwa zaka zambiri, amawerengera kuti makina onsewa pamodzi amakoka magetsi opitirira ma megawati 10,000 usana ndi usiku. Kuti mumvetse kukula kwake, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, malo atatu a EGENCO pa mtsinje wa Shire, onse pamodzi amapanga ma megawati pafupifupi 400. Mukukumbukira mmene tinavutikira Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022? Amene anasowa nthawi imeneyo anali ma megawati pafupifupi 130 okha, koma zigayo ku Ndirande zinkakhala chete tsiku lonse, owotcherera zitsulo ankagwira ntchito pakati pa usiku, ndipo ngakhale amene ankaphikira magetsi anabwerera ku mbaula. Gawo lina la magetsi a Bitcoin limachokera ku madzi, mphepo ndi dzuwa, zimenezo n'zoona. Koma gawo lalikulu ndithu likuchokerabe ku gasi ndi malasha. China italetsa kukumba Bitcoin mu 2021, makina ambiri anasamukira ku America ndi ku Kazakhstan, dziko lomwe magetsi ake ambiri ndi a malasha.

Komabe sindikufuna kukuopsezani ndi zinthu zosaona. Mnzanuyo akatumiza Bitcoin yake kamodzi, palibe makina atsopano amene ayatsidwe chifukwa cha iye. Chimene chimayatsa makina ndi mtengo wa Bitcoin: ukakwera, kukumba kumapindulitsa, anthu amagula makina ena. Ndiye mphatso imodzi yolandira lero n'kugulitsa mawa siwonjezera utsi woti munthu angauyeze. Pamene ine ndikuona vuto ndi pa dzina lanu. Bungwe losamala chilengedwe likalemba poyera kuti timalandira Bitcoin, likuuza aliyense wowerenga kuti chinthuchi chilibe banga, ndipo chikhulupiriro chotero ndicho chimasunga mtengo wake m'mwamba. Inu mumaima pamaso pa anthu a ku Chilobwe ndi ku Manje, amene anataya abale awo matope atatsika m'phiri nthawi ya Namondwe Freddy mu Malichi 2023, n'kumawauza za kusintha kwa nyengo ndi kufunika kwa mitengo. Tsiku lina mwana wa ku yunivesite ya MUBAS adzaimirira pa msonkhano wanu n'kufunsa za Bitcoin ija. Zidzakhala ngati wolalikira zosamala nkhalango wapezeka ndi thumba la makala a mu Michiru pakhonde pake: atha kufotokoza kuti anachita kupatsidwa, koma anthu sadzamumveranso monga kale.

Mabungwe akuluakulu anadutsamo kale mu mtsutso umenewu, ndipo sanagwirizane chimodzi. Greenpeace ya ku America inasiya kulandira Bitcoin mu 2021 chifukwa cha magetsi omwewa. Wikimedia Foundation, imene imayendetsa Wikipedia, inasiya kulandira ndalama zonse za crypto, zomwe ndi Bitcoin ndi zinzake za pa intaneti, mu 2022 anthu ake odzipereka atapempha choncho. Mozilla, imene imapanga pulogalamu yotsegulira intaneti ya Firefox, inayamba yaimitsa kaye, kenako inaganiza zongolandira mitundu yosadya magetsi ambiri. Kumbali ina, UNICEF inatsegula thumba lake lolandira Bitcoin ndi Ether, ndalama ina ya crypto, mu 2019. Koma UNICEF ili ndi maloya ndi akatswiri a zachuma oyang'anira zimenezi, komanso ntchito yake yaikulu si yodzala mitengo.

Wina muno watchulanso za ku Bondo, ku Mulanje, kumene kampani ya Gridless inaika makina okumba Bitcoin pa kamalo kopanga magetsi ndi madzi a m'phiri. Nkhani imeneyo ndi yoona ndipo ine sindiinyoza. Makinawo amagula magetsi otsala amene mudzi sukuwagwiritsa ntchito, ndipo ndalamayo imathandiza kuti malowo aziyenda. Koma ndi kadontho chabe poyerekeza ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makina za ku Texas, ndipo palibe njira yoti inu muuze anthu kuti Bitcoin imene mwalandira ndi ya ku Bondo.

Chimene ndikanachita ine ndi chophweka. Ndikanamuthokoza mnzanuyo, n'kumupempha kuti Bitcoin yakeyo aigulitse komweko kumene ali, pa msika wovomerezeka, kenako atumize mapaundi kudzera kubanki, kulowa mu akaunti ya bungwe. Kwa iye ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kwa inu ndiye kuti ndalama yafika ndi dzina la wotumiza, tsiku lake ndi pepala la kubanki loti muike mu fayilo. Akanena kuti akufuna kupereka Bitcoin yeniyeniyo chifukwa cha msonkho wa kwawo, muuzeni apereke ku bungwe lolembetsedwa kwawoko limene lingavomere kugwira nanu ntchito, ilo ligulitse n'kukutumizirani. Munthu wofunadi kuthandiza mitengo ya pa Soche sangakane zimenezi. Akaumirira kuti adiresi ya Bitcoin ioneke pa tsamba lanu, kapena kuti mujambulitse chithunzi chomuthokoza mutanyamula chizindikiro chake, pamenepo dziwani kuti akufunanso kutsatsa malonda ndi dzina lanu.

Si ndalama zonse za crypto zimene zili ngati Bitcoin, ndipo apa bodi yanu iyenera kusiyanitsa bwino. Ethereum, imene ndalama yake ndi Ether ija, inasiya mpikisano wa makina uja pa 15 Sepitembala 2022, n'kuyamba njira yoti olemba kaundula aziika chikole cha ndalama zawo, ndipo magetsi ake anatsika ndi gawo loposa 99 pa 100. Palinso zina monga USDC zimene mtengo wake umamangiriridwa ku dola ya ku America. Ngati m'tsogolo opereka thandizo otere atachuluka, zimenezi ndi zomwe mungaziganizire, kudzera mwa makampani olandirira mabungwe ngati The Giving Block, amene amasintha mphatsoyo kukhala dola ikangofika. Muwafunse kaye ngati amalembetsa mabungwe a ku Malawi. Pa mphatso imodzi yokha, sindikuona chifukwa chodzivutitsira ndi zonsezi.

Pali zina zosakhudza chilengedwe zimene zingakugwetseni msanga kuposa utsi wa ku Kazakhstan. Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, ndipo wozigwiritsa ntchito zikamuvuta alibe kodandaula. Mukalandira Bitcoin muno mu Blantyre, kuti isanduke makwacha mudzapita kwa anyamata ogula pa foni, amene amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba pa mtengo wa kumbali. Ndikudziwa kuti mtengowo ndi wokopa, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Koma kwa owerengera ndalama za bungwe mudzaonetsa chiyani? Mauthenga a pa foni ochokera ku manambala asanu osadziwika si risiti. Lipoti lanu la pachaka ku NGORA, oyang'anira mabungwe omwe si aboma, likufuna kuti ndalama iliyonse idziwike kumene yachokera, ndipo a Financial Intelligence Authority amayang'anitsitsa ndalama zolowa mwanjira zotere. Bungwe laling'ono likangokayikiridwa kamodzi, othandiza ena onse amabwerera m'mbuyo.

Ganiziraninso za kasungidwe. Akaunti ya kubanki imafuna anthu awiri kapena atatu osayina. Chikwama cha Bitcoin chimatsegulidwa ndi mawu achinsinsi 12 kapena 24, ndipo amene ali nawo ndiye mwini ndalama yonse. Msungichuma wanu akawasunga mu foni, foniyo n'kusowa mu minibasi pakati pa Limbe ndi Ginnery Corner, palibe ofesi yoti mukalembeko kalata. Akasemphana ndi bungwe n'kuchoka nawo, chimodzimodzi. Ndipo mukati muisunge kaye kudikira kuti ikwere, kumbukirani kuti inali pafupifupi madola 69,000 mu Novembala 2021, koma pofika Novembala 2022 inali itagwa kufika cha m'ma 16,000. Ntchito yanu siidikira msika. Machubu amayenera kudzazidwa ndi mbewu kufesedwa kusanagwe mvula, kuti nyengo yodzala mitengo ikamatsegulidwa pa 15 Disembala mbande zikhale zitakula.

Pa msonkhano wotsatira wa bodi, nkhaniyi muilembe mu maminitsi ngati lamulo la bungwe, mizere itatu yokha ndi yokwanira: kuti thandizo lakunja limalowa kudzera ku akaunti ya bungwe, kuti ndalama za crypto zodalira kukumba simulandira, ndi kuti zina zonse zimayamba zakambidwa ndi bodi. Mukatero, pomuyankha mnzanu wa ku Manchester simudzaoneka ngati mukumukana iye, mudzangomutumizira lamulolo pamodzi ndi nambala ya akaunti ndi SWIFT code ya banki yanu. Mumuuzenso kuti ndalama yake idzagula machubu angati ndi kulipira osamalira nazale kwa miyezi ingati, chifukwa opereka ambiri chimene amafunitsitsa kumva ndi chimenecho.