Drogba ndi penate ziwiri za mu 2012

Eee alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndayankha mochedwa, ndangoona tsopano zomwe munalemba pagulupa. Mwafunsa kuti ngati Drogba anali katswiri monga ndimanenera ine, bwanji sanatengeko chikho cha Africa ngakhale kamodzi, ndiye mwati mwina mtima wake unali ku Chelsea, kwawo ku Ivory Coast amangopita mwamwambo. Ayi alamu, pamenepo mwamunamizira munthu. Kulemba sindingathe, nkhaniyi ndi yaitali, ingomverani.

Choyamba, munthu uja anachedwa kupsa. Anabadwira ku Abidjan mu 1978, ali ndi zaka zisanu makolo anamutumiza ku France kwa m'bale wawo Michel Goba, yemwenso anali wosewera mpira. Koma kontirakiti yake yoyamba, ku Le Mans, anasayina ali ndi zaka 21, msinkhu woti anzake amakhala atatchuka kale. Kuchoka apo Guingamp, kenako Marseille chaka chimodzi chokha, zigoli 19 mu ligi, n'kufika nayo fainolo ya UEFA Cup yomwe anagonja kwa Valencia. Kochi Mourinho anamuona pamenepo, mu 2004 Chelsea n'kutulutsa mapaundi 24 miliyoni. Anali ndi zaka 26.

Za ku Chelsea mukuzidziwa, sindichedwapo. Zigoli 164, ligi kanayi, FA Cup kanayi, ndipo m'mafainolo onse anayi a FA Cup anamwetsa. Ndikuvomerani chimodzi: zaka zoyamba zija amagwa kwambiri, munthu wamkulu ngati uja kumukhudza pang'ono ali pansi, mpaka masapota ake omwe amamuwowoza. Komanso ku Moscow mu 2008, mu fainolo ya Champions League ndi Manchester United, anamenya Vidić kambama n'kulandira khadi lofiira, mapenate atafika iye palibe, Terry n'kuterereka. Zimenezo sindimuikira kumbuyo.

Koma zoti kwawo samaikirako mtima, ayi. Masewero 105, zigoli 65, palibe wina wa Ivory Coast anafikapo pamenepo. Mu October 2005 anawina Sudan 3-1, nthawi yomweyo Cameroon n'kuphonya penate kumapeto kwenikweni posewera ndi Egypt, basi Ivory Coast yapita ku World Cup koyamba. Dziko lawo nthawi imeneyo linali pa nkhondo yapachiweniweni, kumpoto kwina kumwera kwina. M'chipinda chosinthira zovala momwemo, kamera ili pamaso, Drogba anatenga maiki, timu yonse n'kugwada pansi, kupempha anthu akwawo kuti atule zida. Mu 2007 anapempha kuti masewero a Madagascar akachitikire ku Bouaké, kuchimake kwa zigawenga, ndipo anakawina 5-0. Sindikuti mpira ndi womwe unathetsa nkhondo, anthu amakokomeza. Koma munthu wopita mwamwambo sachita zimenezo. Ndipo mu 2010 anathyoka mkono masiku ochepa World Cup isanayambe, posewera ndi Japan, anamuchita opaleshoni, anasewera mkono uli womanga, Brazil anaimwetsa chigoli choncho.

Tsono chikho cha Africa. Alamu, fainolo anafika kawiri, ndipo konse kuwiri sanagonje mpira uli mkati, zinathera 0-0 n'kupita ku mapenate. Mu 2006 ku Cairo, panjira anali atatulutsa Cameroon pa mapenate 12-11, osewera onse anamenya mpaka kuyambiranso, Eto'o n'kuphonya yake yachiwiri, Drogba n'kumwetsa. Kufika fainolo, Drogba yemweyo penate yake El Hadary n'kugwira. Egypt yatenga.

Koma yomwe imandiwawa ine ndi ya 2012 ku Libreville, ndi Zambia. Ivory Coast inali ndi Yaya, Kolo, Gervinho, Kalou, ndipo mpikisano wonse sinagoletsedwe ngakhale chigoli chimodzi, tangoganizani. Chigawo chachiwiri, cha m'ma 70 muja, oyimbira aloza penate. Drogba waika mpira pansi, Mweene ali pagolo. Ndinaimirira ine, ndimati zatha. Anaumenya, mpira unakwera kumwamba, kudutsa pamwamba pa golo. Iye anangotembenuka n'kuyang'ana pansi pomwe panali mpira paja, kenako kumamwetulira kwa munthu woti sakukhulupirira. Ku mapenate yake anamwetsa, koma Kolo ndi Gervinho anaphonya, Sunzu wa Zambia n'kumaliza, 8-7. Ndipo kunena zoona, tsiku limenelo kunali kovuta kuwakwiyira a Zambia, chifukwa pafupi ndi mzinda womwewo ndi pomwe ndege inagwera m'nyanja ndi timu yawo mu 1993. Ngakhale ine wa Drogba ndinangoti chabwino, atenge.

Ndiye mverani izi. Imeneyo inali February. Pa 19 May chaka chomwecho, fainolo ya Champions League ku Munich, Bayern ikusewera pabwalo lake lomwe. Müller wamwetsa mphindi ya 83, aliyense akuti basi. Chelsea inapeza kona imodzi yokha mpaka pamenepo, Mata waimenya, Drogba wathamangira ku mzati wapafupi, mutu, Neuer anaukhudza koma unalowa. Mphindi ya 88. Nthawi yoonjezera Drogba yemweyo wapinga Ribéry m'bokosi, penate ya Bayern, mtima wanga unaima, Čech n'kugwira ya Robben. Mapenate afika, yomaliza ndi ya ndani? Munthu yemwe miyezi itatu yapitayo anaponya mpira kumitambo. Sanapite patali, masitepe ochepa okha, Neuer wagwera uku mpira uko. Chelsea yatenga chikho chimenecho koyamba.

Ndiye mundiuze alamu, ku Libreville analibe mtima, ku Munich mtima unabwera? Mwendo ndi womwewo, mutu ndi womwewo. Kwa ine kusiyana n'kwakuti ku kalabu umasewera masewero makumi asanu pachaka, ukaphonya Loweruka, Lachitatu ukonza. Timu ya dziko nthawi imeneyo mwayi unkabwera kamodzi pa zaka ziwiri, masabata atatu basi, ukaphonya udikire. Ku World Cup nakonso mwayi sunamukonde, 2006 anagwera gulu la Argentina ndi Netherlands, 2010 la Brazil ndi Portugal, 2014 Greece inawatulutsa ndi penate ya mphindi yomaliza. Katatu konse kuthera m'magulu.

Atachoka ku Chelsea anangoyendayenda, Shanghai, Galatasaray, kubwerera ku Chelsea chaka chimodzi n'kutenganso ligi mu 2015, kenako Montreal, kumalizira ku Phoenix mu 2018 ali ndi zaka 40.

Koma chinthu chomwe mungandiseke nacho, ndikupatsani ndekha musanachipeze. Timu ya dziko anaisiya mu 2014 World Cup itatha. Patangopita miyezi ingapo, February 2015, Ivory Coast inatenga chikho cha Africa, pa mapenate, 9-8 ndi Ghana, iye kulibe. Ndipo kochi wake anali Hervé Renard, yemwe uja wa malaya oyera amene anali ndi Zambia ku Libreville. Pamenepo ndilibe poyankha. Apatseni moni achemwali, muwauze kuti ndiimba madzulo.