Funsani Telala: Malaya akung'ambika pamkono ndi kumsana

FUNSO: Zikomo Mayi. Ndine telala wachinyamata, ndimasokera pakhonde la sitolo ina ku Mponela. Malaya aamuna a mikono yaitali amene ndimasoka amabwerera pakangotha miyezi ingapo atang'ambika pa mpata wa pamkono, pamwamba pa kafu, kalamba ka batani kaja ka kumapeto kwa mkono. Kolala ndi mabatani zimakhala zili bwinobwino. Makina anga ndi a Butterfly opalasa ndi miyendo, alibe zigizagi. Kodi vuto ndi makinawa kapena ulusi? – Telala wa ku Mponela

YANKHO: Achimwene, makinawo alibe mlandu. Msoko wowongoka ndi wokwanira pa ntchito imeneyi. Vuto lili pansonga ya mpatawo, pamene sizasi inaimira.

Mwaonapo wogulitsa nsalu akamadula mamita a popilini. Amangodula pang'ono m'mphepete ndi sizasi, kenako n'kukoka ndi manja awiri, nsalu yonse pwee mpaka kumapeto. Mpata wa pamkono ndi chimodzimodzi: mwaiyambira kale nsalu pong'ambikira. Mwini malaya akamapinda mikono kufika m'chigongono, kapena wochapa akamafikisa pamwala ndi kufinya, mphamvu yonse imakathera pansonga imeneyo. Ndiye lamulo langa, limene aliyense wophunzira pa ine amalimva tsiku loyamba, ndi lakuti nsonga imalimbitsidwa musanadule.

Jambulani mzere wa mpatawo ndi choko. Dulani kachidutswa ka nsalu yolimbitsira yomata ndi simbi, ija ambiri amaitcha Vilene, kokula ngati inchi imodzi mbali zonse, mukamate kuseri kwa nsalu pansonga penipeni. Ngati mulibe, kachigamba kopepuka ka nsalu yomweyo kagwira ntchito. Tsopano fupikitsani sitichi. Pa misoko ina yonse mumasoka masitichi 10 kapena 12 pa inchi, koma pano akhale 16 mpaka 20. Yambirani kumunsi, kota ya inchi kuchoka pamzere, muziyandikira mzerewo pang'onopang'ono mpaka pansonga. Mukafika, imitsani singano ili m'nsalu, tembenuzani pang'ono, musoke sitichi imodzi yokha yopingasa, mutembenuzenso n'kutsika mbali inayo. Sitichi imodzi yopingasayo ambiri amaidumpha, koma ndi imene imapatsa sizasi malo oimira. Mukatero dulani pakati, muime patatsala ulusi umodzi kapena uwiri kuti mufike pamsoko. Musadule msokowo.

Ndikuganiza kuti mumamalizitsa mpatawo ndi kalamba kamodzi ka nsalu kozungulira mbali zonse ziwiri, monga achitira atelala ambiri chifukwa n'kofulumira. Njira imeneyi ili ndi chofooka chake: pansonga, singano imangogwira timaulusi tiwiri kapena titatu ta mkonowo. Ngati mukuigwiritsa ntchito, kalambako kadulidwe motsata ulusi wa nsalu kuti kasatamuke, mulifupi inchi ndi theka, mulitali kuwirikiza kawiri mpatawo. Posoka, mkono ukhale pamwamba kuti muziona msoko wolimbitsira uja, ndipo singano idutse kunja kwake pang'ono chabe. Mukamaliza, pindani kalambako pakati chakuseri, ndipo pamwamba pake musoke kamsoko kopendekeka kodula ngodya, mubwerezepo katatu. Kamsoko aka ndi kamene kamalandira mphamvu munthu akakoka, nsalu ya mkono n'kupuma.

Koma kunena zoona, pa malaya aamuna ine njira imeneyo sindiikonda. Ndi ya mabulauzi opepuka. Pitani pa kaunjika mukagule shati imodzi yakale yosokedwa kufakitale, muiphwasule mkono umodzi mosamala. Mupeza kuti mpata wake uli ndi zidutswa ziwiri: kalamba kakang'ono pansi, ndi china chotambalala pamwamba chothera ndi nsonga ngati denga. Mupezanso kuti pothera mpata sanadule mzere umodzi. Anaima patatsala theka la inchi, n'kudula kulowera kungodya ziwiri, kusiya kansalu kangodya zitatu. Kansaluko kamatsekeredwa mkati, kenako pamwamba pamasokedwa bokosi lodutsa nsalu zonse, ndi mizere iwiri yopingasa kumunsi kwake. Apa palibenso nsonga imodzi yoti nsalu iyambirepo kung'ambika, mphamvu imagawanika pa bokosi lonse. Zimadya nthawi, inde, ndipo mtengo wa malayawo mukwezeko pang'ono. Kasitomala amene shati yake yatha zaka ziwiri osang'ambika sadzapitanso kwina.

Yang'ananinso kutalika. Mpata wa malaya a munthu wamkulu wamwamuna ukhale mainchesi 5 kapena 6. Ukafupika, munthu akamapinda mkono amachita kukakamiza, ndipo ngakhale msoko wabwino umagonja. Ukakhala wautali chonchi, ikani kabatani kakang'ono pakati kuti usamayasame.

Za ulusi, wa poliyesitala umapirira kuchapa kuposa wa thonje, makamaka ngati wathonjewo wakhalitsa pa shelefu. Uyeseni ndi manja: ukaduka mosavuta, musasokere. Singano ya nambala 12 ndi yoyenera popilini, ya 14 pa chitenje. Yobuntha imadula ulusi wa nsalu m'malo moulambalala, ndipo pamalo amene masitichi athithikana chonchi imasiya nsalu itaboolekabooleka.

FUNSO: Mayi, mwana wanga wamkazi ali Sitandade 1. Diresi lake la yunifomu lili ndi kampata kumsana kotsekera ndi batani limodzi pakhosi. Teremu isanathe lang'ambika kutsika mpaka pakati pa msana. Ndalisoka pamanja kawiri koma likung'ambikabe pomwepo. Ndilibe ndalama yosoketsera lina. Ndichite bwanji? – Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Mayi anzanga, diresilo musalitaye, lipulumuka. Chimene chikulilepheretsa kuchira ndi chakuti mukamasoka mumabwezera mpata pamene unali poyamba, pomwe mpatawo ndi waufupi kuposa mutu wa mwana. Mwana wa zaka 6 thupi lake ndi laling'ono koma mutu umazungulira pafupifupi mainchesi 20. Atelala ena amayeza khosi, chifuwa ndi msinkhu, mutu osaukhudza. M'mawa mwana akuthamangira belu, amakoka diresi mwamphamvu kuti mutu udutse, ndipo nsalu imadzitsegulira yokha njira.

Tengani tepi kapena chingwe muyeze mutu wa mwana modutsa pamphumi. Kenako masulani batani muyeze kuzungulira khosi la diresi, kuphatikiza mbali zonse ziwiri za mpata. Muyeso wa diresi upose wa mutu ndi inchi imodzi kapena ziwiri. Ngati amaluka tsitsi lalikulu patchuthi ndipo diresi la kutchalitchi ndi la mtundu womwewu, onjezaninso.

Ndiye pamene pang'ambikapo musatseke ponse. Siyani gawo lakumwamba likhale mpata watsopano wautali. Gawo lakumunsi lokha ndilo musoke, ndipo musangolumikiza milomo iwiri yoyoyokayo, chifukwa ulusi wanu ulibe pogwira. Ikani chigamba kuseri, chotuluka inchi imodzi mbali zonse za pong'ambikapo, chopinda m'mphepete. Nsalu yofanana mungaipeze mkati mwa mpendero kapena m'thumba la diresi lomwelo. Sokani mozungulira chigambacho ndi masitichi ang'onoang'ono obwerera m'mbuyo, ndipo milomo ya mpata watsopanowo muipinde pang'ono n'kuisoka kuti isayoyoke.

Chomaliza ndi kutseka nsonga, ndipo izi zimatheka ndi singano ya pamanja. Ikani ulusi wowirikiza. Pothera mpata penipeni sokani masitichi anayi kapena asanu opingasa, a kota ya inchi, onse pamalo amodzi, odutsa diresi ndi chigamba chomwe. Kenako kulungani masitichiwo ndi timfundo tothithikana, monga tichitira pa chibowo cha batani, kuyambira mbali ino mpaka inayo. Patuluka kamtanda kolimba konga kaja mumakaona pakamwa pa thumba la jinzi. Ndikupemphani, musadumphe gawo limeneli. Zimandiwawa kuona mwana akupita kusukulu msana uli pamtunda chifukwa cha ntchito ya mphindi zochepa.

Batani nalo musokerenso. Ikani kamtengo ka machesi pamwamba pake posoka, mukachotse, mukulunge ulusi pansi pa batanilo kuti likhale ndi kakhosi. Kachingwe kokolera batani kakhale ka lasitiki yopyapyala, kuti mwana akatambasula manja kazitamuka m'malo mokoka nsalu.

Mukadzasoketsa lina, muwauze atelala kuti kumsana aike msoko wapakati, mpata ukhale mumsokomo. Akatero sadula nsalu pena paliponse, amangosiya msoko wosatseka kumwamba. Ngakhale utamasuka, umaduka ndi ulusi, nsalu ili yamphumphu.

FUNSO: Madiresi a chitenje amene ndimasoka amaphulika kumunsi kwa zipi ya kumsana. Zipi zake ndi zatsopano. – Wophunzira utelala, Zomba

YANKHO: Mwana wanga, zipi yako ikuthera pamwamba pa chiuno. Diresi logwira thupi limavalidwa podutsa m'mapewa kapena m'mbina, ndipo malo onse awiri ndi otambalala kuposa chiuno. Zipi ipyole chiuno ndi mainchesi angapo. Pa munthu wamkulu kawirikawiri imafunika ya mainchesi 20 kapena 22. Usanaiike, mata timalamba ta Vilene mbali zonse ziwiri za msoko, tipitirire inchi imodzi kumunsi kwa pothera zipi. Msoko wa kumunsiwo uutseke pobwerera m'mbuyo masitichi anayi, ndipo ngati makina ako sabwerera, tembenuza nsalu singano ili pansi usoke pomwepo kachiwiri. Chitenjecho uzichichapa kaye usanadule, chifukwa chitenje cha thonje chimafota chikalowa m'madzi koyamba pomwe tepi ya zipi siifota, ndipo msoko umayamba kukokana ndi zipi diresi lisanavalidwe kachitatu.